Kalata kwa Nduna ya za Malo: Wogula Akapezeka, Mapepala Asamuthamangitse

Olemekezeka a Nduna,

Pageti la nyumba yanga ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe pali chikwangwani chomwe ndalembetsa kawiri. Choyamba chidasuluka ndi dzuwa la mu Okutobala, mvula n'kudzamalizitsa. Chachiwirichi nachonso penti wayamba kukanganuka, moti manambala awiri a foni sakuonekanso bwino. Papita miyezi 19 chikhomereni chikwangwani pagetipo, koma nyumba ikadali m'manja mwanga.

Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, komanso mayi wamasiye. Nyumbayi tidayamba kumanga ndi malemu amuna anga mu 1998, pang'onopang'ono monga amamangira anthu a malipiro a pamwezi: chaka china maziko, china khoma kufika pamawindo, china malata. Tidalowamo ilibe siling'i, zipinda ziwiri pansi pali dothi. Lero ili ndi zipinda zogona zitatu, mpanda wa njerwa, madzi ndi magetsi, ndipo kuseli kuli mitengo iwiri ya mango ndi umodzi wa mapeyala womwe bambo adabzala okha. Mapepala ake onse ndimasunga m'chikwama chachikopa pansi pa bedi: liizi ya zaka 99, mapu a malire, malisiti a msonkho wa malo ndi a kukhonsolo. Ndikuigulitsa chifukwa mawondo andithera, ndikufuna ndibwerere kwathu ku Dedza ndikakhale pafupi ndi achemwali anga. Chinanso, adzukulu awiri omwe ndikulera afika posowa fizi ya kukoleji.

Katswiri wowerengera mitengo ya nyumba adaiona nati ndi ya K85 miliyoni. Ndidatsitsa kufika K78 miliyoni, kenaka K72 miliyoni. Anzanga a kutchalitchi amandilimbitsa mtima kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndadekha ndithu, ndipo m'kudekhako ndaona zinthu zomwe ndikuganiza kuti inu muyenera kuzimva kuchokera kwa munthu amene ali pageti, osati m'malipoti okha.

Ndiyambe ndi zomwe sizili m'manja mwanu, kuti musayese kuti ndikukusenzetsani katundu wa eni. Anthu ofuna nyumba alipo ambiri, koma otha kugula ndiwo asowa. Kudabwera banja lina lachinyamata, mwamuna wogwira ntchito m'boma, mkazi namwino. Adabwera katatu. Ulendo wachitatu mayiyo adaima m'khitchini akuyeza ndi mikono pomwe angadzaike firiji, kamwana kawo kakutola mango ogwa kuseli. Adali ndi K12 miliyoni yomwe adasunga zaka zambiri, ndipo K60 miliyoni yotsalayo amafuna akakongole kubanki. Patatha sabata ziwiri bamboyo adandiimbira foni, mawu akuchita kunjenjemera. Banki ya Reserve idakweza chiwongoladzanja chake kufika 26 peresenti mu Febuluwale 2024, ndipo nthawi imeneyo wokongola wamba ankalipira pafupifupi 30 peresenti kapena kuposa. Pa ngongole ya K60 miliyoni, chiwongoladzanja chokha chinkakwana K1.5 miliyoni pamwezi, ngongole yeniyeniyo usadaikhudze n'komwe. Malipiro a awiriwo kuphatikiza pamodzi sadafikepo. Adapepesa ngati adandilakwira, chonsecho palibe chomwe adalakwa.

M'nthawi yathu sizidali chonchi. Anzathu ambiri a ku Area 18 adagula nyumba za Malawi Housing Corporation ndi ngongole ya zaka zambiri, akumadulidwa pang'ono pamalipiro. Padali New Building Society, yomwe idakhazikitsidwa mu 1964 ndi ntchito yobwereketsa ndalama za nyumba, ndipo idasanduka banki mu 2004. Mphunzitsi kapena kalaliki ankatha kulota nyumba yomangamanga, maloto n'kupherezeka. Onjezani kugwa kwa kwacha, ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, muona chifukwa chake amene ali ndi ndalama akuthamangira kuoda katundu woti agulitse mawa, osati nyumba.

Zimenezo mudzakambirane ndi anzanu a ku zachuma. Chomwe chandilembetsa kalatayi n'china. Msika ukazizira chonchi, wogula weniweni amabwera mwina mmodzi pachaka. Ineyo adandipeza, ndipo adandipulumuka m'manja chifukwa cha mapepala.

Adali mayi wa kwathu konkuno, wogwira ntchito ya unamwino ku Manchester. Adabwera patchuthi cha sabata zinayi mu Ogasiti, ndalama ali nayo, wosafuna ngongole. Adayendera nyumba yonse, adakwera pa sitolo n'kusuzumira mu siling'i, adatsegula mipopi yonse, adafunsa ngati madzi amadikha pabwalo nthawi ya dzinja. Tidagwirizana K72 miliyoni, ndipo adasiya gawo lina la ndalamazo kwa loya ngati chikole. Usiku umenewo ndidawaimbira achemwali anga kuti ayambe kusesa m'nyumba ya amayi.

Ndiye udayambika ulendo wa mapepala. Munthu wogulitsa nyumba ya liizi ayenera kuonetsa kuti m'kaundula wa malo dzina ndi lake ndipo nyumbayo siili pa chikole kwina. Ayenera kutenga chilolezo kwa mwini nthaka kuti liizi isinthe dzina, ndipo m'Lilongwe muno mwini nthakayo akhoza kukhala unduna, Malawi Housing Corporation kapena khonsolo ya mzinda, malinga ndi dera. Pakufunikanso chikalata cha ku MRA chosonyeza kuti za misonkho zili bwino, china cha kukhonsolo chosonyeza kuti palibe ngongole, kulipira stamp duty, kenaka kulembetsa dzina latsopano. Palibe chimodzi mwa izi chomwe ndikuchitsutsa. Ndaona amasiye akulandidwa nyumba ndi achibale a mwamuna, ndaona poloti imodzi itagulitsidwa kwa anthu atatu, choncho ndikudziwa ntchito ya zipata zimenezi. Vuto n'lakuti palibe amene amakuuza kuti pachipata chilichonse uima masiku angati.

Sinditchula ofesi, chifukwa cholinga changa si kuneneza munthu. Pa ofesi ina fayilo yanga idasowa. Ndidapitako maulendo 11, kukwera minibasi ziwiri popita, ziwiri pobwerera. Ndidakhala pabenchi la m'khonde limodzi ndi agogo ena ochokera kutali omwe adanyamula mapepala awo m'jumbo ya shuga. Mayankho ndidawaloweza: “Amayi, bwerani Lachinayi.” “Osainira apita kumsonkhano kunyanja.” “Netiweki palibe lero.” Mnyamata wina wongoyendayenda pakhondepo adandinong'oneza kuti fayilo imayenda ikaona kenakake. Ndaphunzitsa ana zaka 34 kuti chinyengo n'choipa, sindikadatha kutambasula dzanja langa pa msinkhu uno.

Mayi wa ku Manchester uja ankandiimbira Lamlungu lililonse. Funso lake lidali limodzi: “Amayi, zitenga nthawi yaitali bwanji?” Ndidalibe yankho. Iye ankaona ndalama yake, yomwe adali atasintha kale kukhala makwacha, ikusungunuka mwezi ndi mwezi pamene mitengo ya zinthu imakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka. Inenso ndinkaona K72 miliyoni yomwe tidagwirizana ikuchepa mphamvu ndisadailandire. Mwezi wachisanu adatenga chikole chake, mwaulemu ndithu. Pambuyo pake ndidamva kuti adagula malo kunja kwa mzinda, cha kunjira ya ku Mchinji. Adapita m'mawa ndi mchimwene wake, adapima ndi mapazi, a mfumu adalemba kalata n'kudinda, dzuwa lisadalowe zonse zidatha. Fayilo yanga idapezeka mwezi wachisanu ndi chiwiri, wogula atapita kale.

A Nduna, taganizirani phunziro lomwe nkhani ngati iyi ikupereka kwa anthu. Ife tidatsata lamulo: tidapempha poloti, tidapereka pulani kuti ivomerezedwe, takhala tikulipira misonkho chaka ndi chaka. Kugulitsa nyumba yotereyi kukutenga miyezi. Malo opanda mapu, opanda msewu, opanda ngalande, akugulidwa tsiku limodzi. Ndiye tidabwe bwanji kuti mzinda ukufalikira m'minda ya anthu ku Chitedze, ku Lumbadzi ndi ku Nanjiri, pomwe nyumba zomangidwa bwino zangokhala ndi zikwangwani pamageti? Mawa boma lomweli lidzafunika kukapereka madzi ndi misewu kumeneko, ndipo mikangano ya malire idzadzaza makhoti.

Pempho langa lalikulu ndi ili: ikani masiku. Lengezani poyera kuti chilolezo chosinthira dzina chituluka pasadathe masiku akutiakuti, ndipo mulembe zimenezo pakhoma la ofesi iliyonse m'Chichewa ndi m'Chitumbuka momwe. Masikuwo akadutsa popanda chifukwa cholembedwa, pakhale munthu wodziwika, wa udindo wodziwika, woti tikamudandaulire. Ngakhale mutati masiku 60, ndi bwino kuposa kusadziwa, chifukwa wogula ndi wogulitsa angathe kupangana molingana ndi masikuwo. Unduna wanu udayamba kuika kaundula wa malo pa kompyuta, dongosolo lomwe mumalitcha LIMS. Lifike pafoni ya munthu wamba, kuti mwana wa kuno amene ali ku Johannesburg kapena ku Manchester athe kuona yekha kuti nyumba ndi ya yani ndipo fayilo yaima pa tebulo liti. Fayilo ya pa kompyuta siyenera kusowa.

Pali nkhani inanso ya madobadoba. Sabata yoyamba nditangokhoma chikwangwani, kudabwera anyamata anayi akuti ndi maejenti. Adajambula nyumba ndi foni, ine osadziwa kuti ndalakwitsa powalola. Posakhalitsa mdzukulu wanga adandionetsa nyumba yanga pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp ili ndi mitengo itatu yosiyana, wina mpaka K98 miliyoni, poti aliyense adaikapo yake pamwamba. Ena ankalipiritsa anthu ndalama yongoonera nyumba, n'kuwabweretsa pakhomo panga opanda ngakhale cholinga chogula. Munthu wanzeru akaona nyumba imodzi ya mitengo itatu amaganiza kuti pali chinyengo, ndipo amathawa. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza malamulo okhudza ntchito yogulitsa malo ndi nyumba komanso yowerengera mitengo yake. Ife a m'makwalala tikufuna tione zipatso zake: mndandanda wa maejenti ovomerezeka woti aliyense athe kuuona, malire a komishoni, ndi chilango kwa wotsatsa nyumba ya mwini popanda kalata ya mwiniyo. Ndipo popeza nyumba iliyonse yosintha dzina imadutsa m'kaundula wanu pamodzi ndi mtengo wake, bwanji osamatulutsa mitengoyo dera ndi dera, popanda maina a anthu? Pakadali pano tonse timangomva zam'maluwa, wogulitsa n'kumakakamira mtengo womwe palibe adaulipirapo, wogula n'kumaopa kuti akumudyera masuku pamutu.

Mvula ili pafupi. Malata a chipinda chakumapeto ayamba kudontha, ndipo ndiyenera kusankha pakati pa kukonza denga la nyumba yomwe ndikuisiya ndi kulipira fizi ya teremu ikubwerayi. Achibale ena akuti ndingoikamo alendi, koma lendi ya chaka chonse siingamange ngakhale kanyumba ka zipinda ziwiri ku Dedza. Ndamuitana mnyamata wolemba zikwangwani kuti abwere Loweruka adzalembe chachitatu. Wogula wina adzabwera, kaya mwezi wamawa kaya chaka chamawa, ndipo akadzamaliza kuyendera zipinda adzandifunsa funso lomwe lija, kuti mapepala atenga nthawi yaitali bwanji. Ndithandizeni, a Nduna, ndidzamuyankhe kuti masiku angati?

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Area 25, Lilongwe