CHENJEZO: Chotupa cha magazi m'kamwa musachiboole

Ngati inu kapena mwana wanu muli ndi chotupa chofewa, chakuda mofiirira, pamlomo, palilime kapena mkati mwa tsaya, chonde musachiboole ndi singano, musachicheke ndi lezala, ndipo musalole wina aliyense kutemapo mphini. Nthawi zambiri si chithupsa ayi, mulibe mafinya. Ndi mitsempha ya magazi yomwe yafufuma n'kupiringizana. Mukachisindikiza ndi chala chimaphwa n'kuyera, mukachotsa chala chimadzazanso. Kucheka pamenepo n'kutsegula mtsempha, ndipo magazi a m'kamwa savuta kutuluka koma amavuta kuletsa, chifukwa malovu ndi lilime sizilola kuti aundane bwino.

Ngozi ina ili pozula dzino. Dzino likagwedera pafupi ndi chotupa chotere, kapena nkhama zikamangotuluka magazi, uzani dokotala wa mano asanagwire chitsulo chilichonse. Chotupa chomwe chikugunda ngati mtima n'choopsa koposa. Pitani kuchipatala lero lomwe.

Chithandizo chilipo, ndipo kawirikawiri sichifuna opaleshoni. Dokotala amabaya mankhwala monga ethanolamine oleate, polidocanol kapena sodium tetradecyl sulfate mkati mwenimweni mwa chotupacho. Mankhwalawa amawotcha khungu la mkati mwa mtsempha, mtsemphawo umatsekeka, chotupa n'kumanyala pang'onopang'ono. Njirayi imatchedwa sclerotherapy. Jakisoni mmodzi sakwanira nthawi zonse, ena amabwerera patapita milungu ingapo. Pamatupa ndi kuwawa masiku oyamba. Koma mankhwala omwewa akaphonya mtsempha kapena akachuluka amapha mnofu n'kusiya chilonda, n'chifukwa chake munthu wobaya jakisoni kunyumba asayerekeze. Amayi oyembekezera ndi odwala matenda a shuga anene msanga za vuto lawo asanabayidwe.

Makanda nkhani yawo ndi ina. Zotupa zambiri zofiira zomwe zimamera m'milungu yoyamba zimazimirira zokha mwana akamakula, ndipo zovuta madokotala amazichepetsa ndi propranolol wakumwa.

Banga lofiirira kumwamba kwa m'kamwa lomwe siliyera mukalisindikiza likhoza kukhala khansa ya Kaposi, yomwe imagwira kwambiri anthu omwe ali ndi HIV. Kayezetseni magazi mwachangu.

Chotupa chikaphulika, panani nsalu yoyera pamalopo mwamphamvu kwa mphindi 15 osasuzumira, weramitsani mutu kuti magazi asatsikire kukhosi, ndipo thamangirani kuchipatala cha boma chapafupi. Lilime likatupa mpaka kupuma kukuvuta, musadikire kuti kuche.