Mapanga Awiri Avumbwitsa

Usiku wa pa 31 December matchalitchi athu amadzaza mpaka ena kukhala pakhonde. Anthu amaimba, amalira, amapita kutsogolo kukalonjeza Mulungu kuti mowa basi, zibwenzi basi, juga basi. Misozi imeneyo si yachinyengo ayi. Koma pofika February timakumana nawo kwa mayi wotcheza kachasu, atakhala pampando wawo womwe uja. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa.

Ana anga, vuto lagona poti timalapa ndi pakamwa pokha, katundu wa tchimolo n'kumusunga bwinobwino m'nyumba. Bambo wasiya chibwenzi, koma nambala ya mayiyo ikadali m'foni, yolembedwa dzina la mwamuna. Mnyamata wasiya kubetcha mpira, koma madzulo alionse amaonabe m'mene matimu ayendera, ati kungoona chabe. Mayi ndi wa Mvano, yunifolomu yochapa ndi yosita, koma mwana wake wavala chithumwa m'chiuno, poti mwina pemphero palokha silingakwane. Mapanga awiri avumbwitsa. Ukamathamangira uku ndi uku, mvula imakupeza pakati.

Taonani zimene anachita okhulupirira a ku Efeso, pa Machitidwe 19. Mzindawo unali wotchuka ndi zamatsenga. Atamva uthenga wa Paulo, ambiri anabwera kudzaulula poyera zimene ankachita, ndipo amene anali ndi mabuku a matsenga anawasonkhanitsa n'kuwatentha anthu onse akuona. Atawerengera mtengo wake, unakwana ndalama zasiliva 50,000. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti sanawagulitse. Akanatha kunena kuti tiyeni tigulitse, ndalamazo tithandizire amasiye, ndipo ambiri a ife tikanawaombera m'manja. Iwo anadziwa kuti chimene wasunga udzachifuna tsiku la mavuto, ndipo chimene wagulitsa chikawononga mnzako. Anatseka njira yobwerera, ndipo anaitseka pagulu, kuti aliyense wofuna kutembenuka achite manyazi ndi anthu amene anamuona.

Komabe kutentha kokha sikumaliza nkhani. Yesu anachenjeza pa Luka 11 za mzimu woipa umene umatuluka mwa munthu, kenaka pobwerera n'kupeza nyumba yosesedwa bwino, ndiye umakaitana ina 7 yoposa iwo kuipa. Munthu amene ankakhala kumowa kuyambira masana mpaka usiku, akasiya, maola onsewo akuwatani? Anzake onse anali a konko. Akangokhala pakhomo manja lende, Loweruka lachitatu miyendo idzamutenga yokha. N'chifukwa chake Paulo, polembera Aefeso omwewo, sanangoletsa wakuba kuba. Anamuuza kuti agwire ntchito ndi manja ake kuti apeze chogawira osowa. Zakeyu naye sanathere pa kulandira Ambuye m'nyumba mwake. Analonjeza kupereka theka la chuma chake kwa osauka ndi kubweza kanayi kwa amene anawabera.

Apa ife akulu ampingo tili ndi mlandu. Timakondwera munthu akatembenuka, tikatero n'kumusiya yekha. Akagwa, ndife oyamba kumunong'ona ndi kumuika pa chilango. Mutu umodzi susenza denga. Amene wangosiya mowa afunika womuyendera pakati pa sabata, womutengera kumphakati kapena kukwaya, womuitana kudimba. Ndipo amene mowa wamulowerera mpaka kunjenjemera akapanda kumwa, timuperekeze kuchipatala, tikumupemphererabe. Kutero si kuchepa chikhulupiriro.

Iwe amene wagwanso, usathawe tchalitchi chifukwa cha manyazi. Petro anakana Ambuye katatu, koma anapatsidwa nkhosa kuti aziwete. Usadikirenso December wina, pakuti zengerezu adalinda kwawukwawu. Lero lomwe fufuta nambala ija, dula chithumwa chija, ndipo upite kwa mkulu wampingo amene umamukhulupirira ukamuuze chimene chikukuvuta, osabisa kanthu.