Masamu Sadya Choko Chokha

Pali bodza lina limene lakhalitsa m'dziko muno mpaka tayamba kulipatsa mpando ngati mlendo wolemekezeka. Ati wophunzira masamu pa yunivesite safuna zambiri: mpatseni choko, bolodi ndi mphunzitsi mmodzi wotopa, basi zatheka. Wa udokotala afuna labu, wa uinjiniya afuna makina, koma wa masamu ati mutu wake womwewo ndi labu. Ine ndikukana, ndipo ndikukanitsitsa.

Masamu a pa yunivesite si kuwonkhetsa ndi kuchotsera kwa ku pulayimale ayi. Amafuna mabuku, ndipo mabukuwo amagulidwa kunja ndi madola. Pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ambiri tinalirira shuga ndi sopo. Ndani analirira buku la calculus? Laibulale ya Mzuzu University itapsa mu Disembala 2015, mabuku zikwizikwi anasanduka phulusa usiku umodzi, ndipo tinaona tokha kuti chuma cha nzeru chimene tili nacho n'chosachedwa kutha. Amafunanso kompyuta, poti masiku ano wa masamu wosadziwa kulemba pulogalamu ali ngati mlimi wopita kumunda opanda khasu.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti zina mwa zofunikazi n'zaulere. Kuyambira 1991 akatswiri akhala akuika kafukufuku wawo pa arXiv kuti aliyense awerenge osalipira. Sukulu ya MIT ku America inatsegula maphunziro ake pa intaneti kalekale. Nkhokwe ili chitsegulire, koma mwana wa ku Ntchisi kapena ku Nsanje aima panja chifukwa alibe ya bandulo. Zoona izi, abale anzanga? Njala pakhomo pa nkhokwe?

Mwayi nawonso ulipo. Mu 2003 Neil Turok anayambitsa African Institute for Mathematical Sciences ku Muizenberg, pafupi ndi Cape Town. Nthambi zinatsatira ku Senegal mu 2011, Ghana mu 2012, Cameroon mu 2013 ndi Rwanda mu 2016. Wosankhidwa kumeneko amachita digiri ya masters atalipiriridwa fizi, pogona ndi chakudya. Nkhani yotereyi imayenera kumveka tsiku loyamba limene mwana walowa m'kalasi ku Zomba, ku Mzuzu, ku Blantyre kapena ku Thyolo. Isamayende monong'ona ngati miseche ya pamaliro, kufikira okhawo odziwana ndi odziwa. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, inde, koma wina amuuze kuti maiwe enawo ali kuti.

Tsono ndibwere kwa inu mabwana a mabanki ndi makampani a inshuwalansi. Amene amawerengera kuti penshoni ya wogwira ntchito idzakwana bwanji zaka makumi atatu zikudzazo ndi wa masamu. Kalembera wa 2018 amene anatiuza kuti tilipo oposa 17.5 miliyoni ndi ntchito ya masamu. Kulosera njira ya namondwe ngati Freddy, amene anatilanda abale mu Malichi 2023, ndi masamu okhaokha. Nanga bwanji kuthandiza mpira ndi gofu mumathamanga, zithunzi n'kutuluka m'nyuzi, koma kutenga ophunzira asanu kuti adzaphunzire ntchito patchuthi muchita ngati takupemphani ng'ombe? Mawa mudzaitana katswiri wa kunja, kumlipira madola, n'kumadandaula kuti kuno kulibe anthu.

Nafenso makolo tisadziyeretse. Mwana akati wasankhidwa kukachita masamu timafunsa mokhumudwa, "Ndiye udzangokhala mphunzitsi eti?" Funso limeneli limanyoza ntchito ziwiri nthawi imodzi. Amene adzachotse mantha a masamu mwa ana a ku sekondale ndi mphunzitsi yemweyo tikumupeputsayo.

Zopempha zanga n'zochepa. Intaneti yodalirika ndi yaulere pa sukulu zathu zonse za ukachenjede. Ndalama ya mabuku yosakhudzidwa ngakhale bajeti itafinyidwa. Dipatimenti iliyonse ya masamu ikhale ndi munthu amene ntchito yake ndi kulengeza za masikolashipu nthawi isanathe, ndi kuthandiza ana kulemba makalata opemphera. Makampani atsegule zitseko.

Zikakanika izi, a nduna ndi mabwana, lekani kutilankhulira za chitukuko cha sayansi pa misonkhano ya kunyanja. Dziko losasamala owerengera ake limawerengeredwa ndi ena, ndipo ngongole yake timabweza ndife.