Kodi Wosalembedwa Sanakhaleko?

Wikipedia imangovomereza zimene zidasindikizidwa kale. Lamuloli tiliyese ndi William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo ali ndi zaka 14, koma dziko lidamudziwa nyuzipepala ya Daily Times itamulemba m'chaka cha 2006. Kodi isanalembedwe, nyali yakeyo sinkayaka?

Nanga amisiri ochokera ku Malawi amene ankakonza mapampu ndi nthambo zamagetsi m'mafamu a fodya ku Darwendale, ambiri n'kubalalika mafamuwo atayamba kulandidwa m'chaka cha 2000, mayina awo ali m'buku liti? Insaikulopediya yodalira mapepala okha imatengera tsankho la eni mapepalawo. Ophunziranu, musaiyese mboni yomaliza. Pitani mukafunse okalamba akadali moyo, ndipo mulembe.