Mizinda ya mawa m'mabuku a ana: chikomekome cha mkuyu

Pali msinkhu wina wobvuta pa mwana, kuyambira zaka 9 mpaka 12. Nthano za Kalulu ndi Fisi amayamba kuziona ngati za makanda, pomwe mabuku a akuluakulu amakhala asadawafikire. Apa ndi pamphambano pomwe mwana amasankha kukhala munthu wokonda kuwerenga moyo wake wonse, kapena womangotsegula buku mayeso akayandikira. Olemba ena adapeza nyambo yokolera ana a msinkhu umenewu, ndipo nyamboyo ndi nthano za sayansi zokamba za mizinda ya m'tsogolo, komwe nyumba zimafika m'mitambo, mabasi amauluka ndipo maloboti ndiwo amasesa pabwalo.

Kholo lina likamva zimenezi likhoza kunena kuti ndi bodza lamkunkhuniza longotayitsa mwana nthawi. Koma amene adawerengako mabuku abwino a mtunduwu amadziwa kuti galimoto zouluka ndi nyambo chabe. Mbedza yeniyeni ndi mafunso omwe mwana amatsala nawo akatseka buku. Madzi a mumzindawu amachokera kuti? Magetsi akuyakira ndani? Zinyalala amakatayira pakhomo pa yani?

Buku loyenera kuyamba nalo anthu a m'chigawo cha Tete ndi The Ear, the Eye and the Arm, lomwe lidatuluka mu 1994 ndi kulandira ulemu wa Newbery Honor ku America mu 1995. Mlembi wake, mayi Nancy Farmer, ndi wa ku America, koma si mlendo kuno. M'zaka za m'ma 1970 adagwirako ntchito pa nyanja ya Cahora Bassa yoyang'anira zomera zomwe zimadzaza pamadzi, kenaka adapita ku Zimbabwe kukathandiza pa ntchito yolimbana ndi ntchentche za kashembe. Buku lake lina, A Girl Named Disaster la mu 1996, limakamba za mtsikana wa ku Mozambique woyenda yekha pabwato pa nyanja yomweyo.

Nkhani ya The Ear, the Eye and the Arm ikuchitika mumzinda wa Harare m'chaka cha 2194. Ana atatu a mkulu woona za chitetezo, General Matsika, adakulira mumpanda osatulukamo kaamba koti bambo wawo ankaopa zigawenga. Tendai adali ndi zaka 13, Rita 11 ndipo Kuda 4. Adali ndi chilichonse, ngakhale maloboti owatumikira, koma sadayendepo okha pamsewu. Tsiku lina adapeza mpata natuluka kukaona mzinda, ndipo dzuwa lisadalowe adabedwa pa msika wa Mbare Musika, msika womwewo womwe ambiri oyenda maulendo a ku Harare amaudziwa lero.

Kuchokera pamenepo mwana wowerenga amayenda nawo m'malo atatu osaiwalika. Oyamba ndi Dead Man's Vlei, dzala lalikulu la zinyalala zapoizoni komwe anthu otayidwa ndi mzinda amakumba pansi kufuna mapulasitiki akale, molamulidwa ndi mayi wina wophika kachasu wotchedwa She Elephant. Achiwiri ndi Resthaven, mudzi wotchingidwa ndi khoma lalitali pakati pa mzinda, komwe anthu amasunga moyo wa makolo popanda makina alionse. Tendai adaukonda mudziwu poyamba chifukwa cha bata lake, mpaka pomwe mapasa adabadwa ndipo mwambo udafuna kuti khanda lalikazi life. Achitatu ndi hotela yotalika kilomita imodzi ndi theka kupita kumwamba, komwe olemera amadyera pomwe gulu la zigawenga zobisa nkhope likuchita zoopsa m'chipinda china.

Nawo akatswiri ofufuza atatu omwe adatumidwa kukasaka anawo ali ndi phunziro lawo. Wina amamva ngakhale kanthu kakang'ono kali kutali, wina amaona patali ngati chiombankhanga, wachitatu ali ndi manja aatali ndipo amamva zomwe zili mumtima mwa munthu. Adabadwa otero chifukwa amayi awo adamwa madzi oonongeka ndi poizoni wochokera ku fakitale ya magetsi a nyukiliya. Mlembiyo sakuti zamakono ndi zoipa, sakutinso zamakolo ndi zabwino zokhazokha. Akumusiya mwana kuti ayeze yekha mbali zonse ziwiri, monga akulu adanenera kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Buku lachiwiri ndi The City of Ember la mayi Jeanne DuPrau, la mu 2003, lomwe adalipanganso filimu mu 2008. Ember ndi mzinda womangidwa pansi pa nthaka kuti anthu abisalemo zaka 200 dziko lapamwamba litaonongeka. Kulibe dzuwa, kulibe mwezi. Kuwala konse kumachokera ku mababu oyaka ndi jenereta imodzi yoyendetsedwa ndi mtsinje wa pansi pa mzinda. Omanga mzindawo adasiya bokosi la malangizo a njira yotulukira kuti lizipatsidwa kwa meya aliyense wolowa pampando, koma meya wina adalitengera kunyumba kwake namwalira osauza munthu. Pofika chaka cha 241 jenereta idali itakalamba, magetsi akuzimazima, zakudya za m'zitini zikutha, meya akudzikundikira zotsalazo m'chipinda chobisika.

Mumzindamu mwana akakwanitsa zaka 12 amasiya sukulu ndi kutola kapepala ka ntchito yake m'thumba, ngati maere. Lina ndi Doon adasinthana ntchito zomwe adatola, Lina nakhala mtumiki woperekera mauthenga, Doon nakagwira ntchito ku mapaipi kufupi ndi jenereta. Bokosi lija lidapezeka kunyumba kwa Lina, koma pepala la malangizo lidali litatafunidwa kale ndi mng'ono wake wakhanda. Ana awiriwo adayenera kulumikiza zidutswa za mawu, chilembo ndi chilembo, kuti apeze njira. Apa pali chinthu chokoma kwa mphunzitsi aliyense: m'nkhaniyi mzinda wonse ukupulumuka chifukwa ana awiri adadziwa kuwerenga mosamala ndipo sadaope kufunsa zomwe akuluakulu adaleka kufunsa. Paja safunsa adadya phula.

Mwana wa kuno safuna womumasulira za magetsi ochokera mumtsinje. Damu la Cahora Bassa ku Songo, lomwe lidatha kumangidwa mu 1974, lili ndi mphamvu yopanga mamegawati 2,075, ndipo gawo lalikulu la magetsiwo limayenda pa mawaya a makilomita pafupifupi 1,400 kupita ku South Africa. Mwana yemwe adaonapo mawayawo akudutsa pamwamba pa mudzi womwe usiku umaunikira koloboyi kapena tochi, akawerenga za Ember amamvetsa msanga kusiyana ndi mnzake wa ku London.

Si mizinda yonse ya m'mabukuwa yomwe ili ya zitsulo. M'buku la Zahrah the Windseeker la mu 2005, mayi Nnedi Okorafor, yemwe makolo ake ndi a ku Nigeria, adapeka dziko lomwe nyumba zosanja ndi zomera zamoyo ndipo kompyuta munthu amachita kubzala ngati mbewu, nkumakula naye limodzi. Mwana wa mlimi wa ku Angónia kapena ku Tsangano akamva zimenezi amaona kuti tsogolo silikutanthauza kutaya khasu ndi nzeru za m'munda. Kumbali ya makatuni, mu 2023 kudatuluka Supa Team 4, nkhani ya atsikana anayi oteteza mzinda wa Lusaka wa m'tsogolo, yopekedwa ndi mayi wa ku Zambia, Malenga Mulendema. Mu 2024 kudatulukanso Iwájú, yoonetsa Lagos wa m'tsogolo wogawikana pakati pa olemera a pachilumba ndi osauka a kumtunda.

Bvuto lagona pa chilankhulo. Mabuku onse atchulidwawa adalembedwa m'Chingerezi, pomwe mwana wa kuno amalankhula Chichewa pakhomo ndi kuphunzira Chipwitikizi kusukulu. Chigawo cha Tete chidali m'gulu la zoyamba kuyesa kuphunzitsa ana m'chilankhulo chawo, kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo maphunziro a zilankhulo ziwiri adalowa m'dongosolo la boma mu 2003. Koma kudziwa kuwerenga popanda chowerenga kuli ngati kusula khasu wopanda munda. Mwana akatha buku la m'kalasi, chomwe amapeza m'Chichewa kawirikawiri ndi Baibulo, buku la nyimbo za kutchalitchi ndi zikwangwani za kuchipatala. Zonsezi ndi zofunika, koma palibe chomwe chimamuuza kuti m'chaka cha 2100 kudzakhala anthu olankhula Chichewa oyendetsa makina ndi kumanga mizinda. Mwana amene sadamvepo za tsogolo m'chilankhulo chake amayamba kuganiza kuti tsogololo ndi la eni ake ena.

Kuti nkhani zotere zikhoza kulembedwa ndi anthu a mbali zino, umboni ulipo. Mlembi wa ku Malawi, Shadreck Chikoti, adatulutsa mu 2015 buku la Azotus the Kingdom lokamba za Africa wa zaka 500 zikubwerazo, ngakhale kuti ndi la akuluakulu ndiponso la m'Chingerezi. Chotsala ndi kulembera ana, m'chilankhulo chomwe amalotera.

Podikira olembawo, pali zomwe zingachitike popanda ndalama. Mphunzitsi kapena wachinyamata wodziwa Chingerezi akapeza limodzi la mabukuwa akhoza kuliwerenga yekha, nkumawafotokozera ana m'Chichewa chigawo chimodzi pa sabata, monga momwe agogo amachitira ndi nthano, kulekezera pokoma kuti ana abwerenso. Ndi bwino wamkulu ayambe wawerenga yekha, chifukwa mbali zina, makamaka kumapeto kwa buku la mayi Farmer, zikhoza kuopsa mwana wa zaka 9. Akatha kumvera, ana apatsidwe pepala kuti alembe kapena kujambula Ulóngwè, Moatize kapena Furancungo wa zaka 100 zikudzazo. Aloledwe kuikamo njinga zouluka ndi milatho isanu pa Zambezi ngati afuna, koma aliyense ayankhe mafunso atatu aja: madzi achokera kuti, magetsi ayakira ndani, zinyalala zikatayidwa kuti. Kholo lomwe silidapite kusukulu lilinso ndi gawo lake, pakuti ndilo lingamuuze mwana momwe malo omwewo adalili kale, pomwe padali dambo, pomwe padali manda, pomwe padali msika woyamba.

Zimenezi si masewera chabe. Pa kalembera wa 1997 mzinda wa Tete udali ndi anthu opitirira pang'ono 100,000, koma pofika kalembera wa 2017 adapitirira 300,000. Mzinda wa m'tsogolo ukumangidwa kale, njerwa ndi njerwa, ndipo mwana wa zaka 11 lero ndi amene pakatha zaka 25 adzakhale pa mpando wogawa malo, kuyala mapaipi ndi kusankha komwe dzala likakhale. Akadzafika pamenepo atazolowera kufunsa kuti amene ali kuseri kwa khoma akudya chiyani, anthu a ku Matundo ndi ku Chingodzi adzapindula naye. M'mera mpoyamba.