Ahedi, tulukani mu ofesi mukaone mwana wakumbuyo uja

Pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi msika wa kwathu padali mtsikana amene adabwereza Sitandade 2 kawiri. Anzake ankamunena kuti ndi mbuli, aphunzitsi ankati ndi waulesi, ndipo mayi ake adali atayamba kale kumutenga kuti azikawathandiza kugulitsa tomato. Tsiku lina mphunzitsi wamkulu adalowa m'kalasimo n'kukhala pansi kumbuyo limodzi ndi ana. Adaona kuti mwanayo sayang'ana pabolodi, koma amakopera m'kope la mnzake nkhope ataigunditsa papepala. Vuto lidali maso. Adamusunthira kutsogolo ndipo adauza makolo kuti apite naye kuchipatala. Chaka chomwecho mwanayo adakhoza.

Mphunzitsi wa kalasi imeneyo sadali woipa mtima ayi. Adali ndi ana oposa 100, choko chimodzi ndi maso awiri basi. N'chifukwa chake ndikuti ntchito yaikulu ya mphunzitsi wamkulu si kusunga chidindo kapena kulemba malipoti opita kuboma. Ntchito yake ndi kuthandiza mphunzitsi wa m'kalasi kuti afikire mwana aliyense, makamaka amene akutsalira.

Tikumbuke komwe tachokera. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi litayambitsa maphunziro aulere, chiwerengero cha ana m'sukulu za pulayimale chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Boma lidalemba mwachangu aphunzitsi pafupifupi 20,000 amene adali asadapite kukoleji. Chitseko chidatseguka, ana onse adalowa, ndipo zidali bwino kutero. Koma mpaka lero, ngakhale cholinga cha boma n'choti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, makalasi ang'onoang'ono m'sukulu zambiri amadzaza kupitirira pamenepo.

Ndipo ana amenewa safanana. M'kalasi imodzi muli mwana wachialubino amene maso ake saona patali. Muli wina amene makutu ake adawonongeka ndi mafinya ali khanda. Muli mwana wamasiye amene wabwera osalawa kanthu, mtima uli pa phala la pasukulu. Muli mnyamata wa zaka 12 amene akuchita manyazi kukhala ndi tiana ta zaka 7. Ku Mangochi muli mwana amene kunyumba amayankhula Chiyao, ku Nsanje Chisena, ku Rumphi Chitumbuka, koma buku lili m'Chichewa kapena m'Chingerezi. M'makalasi apamwamba muli mtsikana amene wabwerera atabereka, monga momwe ndondomeko ya boma yakhala ikulolera kuyambira mu 1993. Muli ndi mwana wanzeru kwambiri amene amamaliza masamu msanga n'kuyamba kusokosa chifukwa chosowa chochita.

Ena amati ana aulumali apite kusukulu zawo. Sukuluzo zilipo ndithu: Chilanga ku Kasungu ya ana osaona, Mua ku Dedza, Maryview ku Chiradzulu ndi Embangweni ku Mzimba za ana osamva. Koleji ya Montfort ku Chiradzulu imasula aphunzitsi a ntchito imeneyi. Koma malo ndi ochepa, ndipo banja logulitsa mandasi silingakwanitse kutumiza mwana kutali chotero. Mu 2017 unduna wa zamaphunziro udakhazikitsa ndondomeko yoti ana onse aziphunzirira pamodzi. Tanthauzo lake n'loti mwanayo ali pasukulu yapafupi, m'manja mwa mphunzitsi wamba amene mwina sadaphunzirepo mozama za vuto lakelo. Mphunzitsiyu athawira kwa yani ngati si kwa ahedi?

Choyamba chimene ahedi angachite ndi kagawidwe ka aphunzitsi. Chizolowezi chathu n'choti aphunzitsi akhama ndi zipinda zabwino zimapita ku Sitandade 8, chifukwa zotsatira za mayeso a MANEB ndizo zimatchukitsa sukulu. Sitandade 1 imapatsidwa amene wangobwera kumene kapena amene watopa, ndipo imaphunzirira pansi pa mtengo wa mango. Apa tikulakwitsa. M'mera mpoyamba. Mwana amene sadaphunzire kuwerenga mu Sitandade 1 ndi 2 amangokwawa, n'kudzasiya sukulu asadafike n'komwe ku Sitandade 8 komwe kuli akatswiriwo.

Chachiwiri, ahedi azilowa m'kalasi ngati mthandizi, osati wapolisi. Aphunzitsi ambiri akaona ahedi pakhomo amadziwa kuti abwera kudzafunsa masikimu ndi kudzasaka zolakwa. Bwanji osalowa n'kukhala kumbuyo, kumvetsera ngati mawu akufika, kuyang'ana ngati zilembo za pabolodi zikuoneka, ndi kuona ana amene sakweza mkono? Mukaweruka, khalani pansi ndi mphunzitsiyo n'kumufunsa kuti, "Kodi mwana uja timuthandiza bwanji?" Funso limeneli limamasula mphunzitsi kunena pomwe akulephera mopanda mantha.

Chachitatu, aphunzitsi azipatsana nzeru. Pasukulu iliyonse pali mayi amene amadziwa kuphunzitsa maphatikizo ndi timitengo ndi zitsekerero za mabotolo, kapena bambo amene amatha kugawa ana m'magulu kuti ofulumira athandize ochedwa. Luso limeneli limathera m'kalasi imodzi chifukwa palibe amene amawasonkhanitsa. Ola limodzi pa sabata ziwiri, ana ataweruka, n'lokwanira. Ndipo chaka chikatha, mphunzitsi wa Sitandade 1 asangopereka kaundula kwa mnzake wa Sitandade 2. Amuuzenso kuti uyu samva bwino, uyu amagwa khunyu, uyu amakhala ndi agogo okha. Mutu umodzi susenza denga.

Chachinayi, ahedi ndiwo ali ndi njira yofikira kunja kwa mpanda. Iwo ndi amene angauze a PEA kuzoni kuti akufuna mphunzitsi wa ana aulumali adzayendere sukulu. Iwo ndi amene angapemphe alangizi a zaumoyo kudzaona ana, kapena gulu la amayi a pasukulu kukayendera mtsikana amene wasiya kubwera. Ndalama zotukulira sukulu zikabwera, iwo pamodzi ndi komiti angasankhe kukonza khomo loti njinga ya olumala ilowe, kapena chimbudzi choti atsikana otha msinkhu azidzisamaliramo, m'malo mopenta ofesi.

Ndikudziwa kuti ahedi ena akuwerenga izi akupukusa mutu. Iwonso ali ndi kalasi yophunzitsa, mafomu osatha, misonkhano ya kuzoni, makolo odandaula ndi aphunzitsi ojomba. Ambiri adangopatsidwa makiyi popanda kuphunzitsidwa utsogoleri. Dandaulo limeneli n'loona, ndipo unduna uyenera kulimva: munthu asanapatsidwe sukulu aphunzitsidwe, ndipo poyesa ntchito yake asamangowerenga ana osankhidwa kupita kusekondale. Komabe kusunthira mwana kutsogolo sikulira ndalama. Kulemba zilembo zikuluzikulu pabolodi sikulira ndalama. Kulola mwana wachialubino kuvala chipewa ndi malaya a manja aatali sikulira ndalama. Kuuza mphunzitsi kuti aziyang'ana ana poyankhula kuti wosamva bwino aone milomo sikudikira bajeti ya ku Lilongwe.

Nafenso makolo tili ndi mbali yathu. Ena timabisa vuto la mwana poopa kuti am'kana kapena am'seka, mphunzitsi n'kutha chaka chonse akumukalipira pa chinthu chimene sadalakwe. Ena tsiku la msika timajombetsa ana kuti akatilondere katundu, kenaka n'kumadabwa kuti sakutha kuwerenga. Pitani kwa ahedi teremu ikamayamba mukawauze zomwe mukudziwa za mwana wanu. Ndipo pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi musangofunsa kuti ndi angati apita kusekondale. Funsaninso kuti mu Sitandade 2 ndi ana angati akutha kuwerenga, ndi angati asiya sukulu chaka chino, ndipo achita chiyani kuti abwerere.

Mtsikana uja adapulumuka chifukwa munthu wina adasiya mpando wa mu ofesi n'kukhala pansi pafumbi kwa mphindi 30. M'sukulu zathu muli anzake ambiri amene akhala kumbuyo, akudikira kuti wina awaone. Ahedi, Lolemba likudzali ana akafola n'kulowa m'makalasi, tsekani ofesiyo muyambire ku Sitandade 1.