Tsamba la mpingo lisamayankhule lokha pa tsiku la maliro

Mipingo yambiri ya m'tauni tsopano ili ndi tsamba pa Facebook, ndipo kuseri kwa tsambalo kumakhala wachinyamata mmodzi amene amagula bandulo ndi ndalama za m'thumba mwake. Chiyambireni 2020, pamene Covid-19 inachepetsa misonkhano ya mapemphero, ntchito yake yangokulirakulira. Salipidwa. Lamulungu m'mawa anzake akuimba, iye maso ali pa foni kulemba zolengeza, mpaka ulaliki kumudutsa.

N'chifukwa chake ndimagwirizana ndi zokonzeratu mauthenga. Meta Business Suite, yomwe ndi yaulere, imalola munthu kulemba lero uthenga wa pa Facebook kapena Instagram, n'kuuikira tsiku ndi ola loti udzatuluke. Ukauika, udzatuluka ngakhale magetsi atazima kapena foni itathera moto, poti susungidwa m'fonimo. Madzulo amodzi netiweki ikamagwira bwino, mwana uja angathe kukonza za sabata yonse: vesi la m'mawa, nthawi yophunzira nyimbo za kwaya, msonkhano wa amayi a Mvano, mapemphero a m'miphakati, chikumbutso cha Paper Sunday. Pasaka amasinthasintha tsiku chaka ndi chaka, koma tsikulo limadziwikiratu kalekale. Palibe chifukwa choti chilengezo chake chizilembedwa mothamanga usiku wa Loweruka. Abusa nawonso amapeza mpata wowerenga zolembedwazo anthu asanazione. Angosamala ola ngati amene akuthandiza ali kunja: Johannesburg ndi Lilongwe wotchi ndi imodzi, koma London imatsalira ndi ola limodzi kapena awiri malinga ndi nyengo.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti makina samva mfuu ya maliro.

Kwathu kuno pakagwa zovuta timaika masamba pamsewu. Wanjinga amatsika, wagalimoto amachepetsa liwiro, wailesi imatsitsidwa. Uthenga wokonzeratu suona masamba amenewa, umangodutsa ndi chimwemwe chake chonse. Kumbukirani March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa matope kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Kumbukirani 10 June 2024, pamene ndege yomwe anakwera wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu inagwa ku Chikangawa, dziko n'kulowa m'masiku 21 achisoni. Tangoganizani mayi amene akufunafuna mwana wake m'matope atsegula foni, n'kupeza mpingo wake ukumuitanira ku phwando la kwaya ndi zithunzi za anthu akuseka. Palibe amene anafuna kumulasa mtima, komabe walasidwa, ndipo womulasa ndi mpingo wake womwe.

Sizichita kudikira tsoka la dziko lonse ayi. Mkulu wa mpingo akamwalira Lachinayi usiku, uthenga wa Lachisanu m'mawa umakhala uli kale pamzere.

Tsono tsambalo lisakhale m'manja mwa munthu mmodzi. Facebook imalola anthu angapo kuyang'anira tsamba limodzi, choncho pakhale awiri kapena atatu, ndipo mmodzi wa iwo akhale mlembi kapena mkulu wa mpingo amene uthenga wa maliro umayamba kumufika. Ameneyu aphunzitsidwe kutsegula mndandanda wa mauthenga odikira ndi kuwaimitsa. Zimenezi zimatetezanso mpingo tsiku limene wachinyamata uja wapeza sukulu kapena wapita ku Joni ndi pasiwedi yake.

Pali china chimene sichingakonzedweretu. Pansi pa vesi la m'mawa mayi wina adzalemba kuti, "Abusa, mundipempherere, mwana wanga wagonekedwa m'chipatala." Tsamba lotulutsa mavesi tsiku ndi tsiku koma osayankha munthu wotere likunamiza anthu kuti mpingo ulipo pomwe palibe aliyense. Nthawi imene yapulumuka chifukwa chokonzeratu ipite kumeneko: wina awerenge zimene anthu alemba, amuimbire foni mayiyo tsiku lomwelo, ndipo adziwitse amayi a dera lake kuti akamuone kuchipatalako.